Madzi Osaoneka ndi Chifaniziro Chake: Ndemanga pa Kafukufuku wa Ophunzira a Madzi a Pansi pa Nthaka

Pa boma la Nkhotakota pali mtengo wa mkuyu umene alendo amaonetsedwa, pakuti mbiri imati patsinde pake m'pamene David Livingstone adakumana ndi Jumbe m'chaka cha 1863. Ambiri amadziwa zimenezi, koma ndi owerengeka amene amakumbukira kuti mzungu uja, asadatchuke ndi maulendo, adali mwana wa sukulu ku Glasgow, pa Anderson's College, sukulu imene pambuyo pake idakula n'kukhala Yunivesite ya Strathclyde. Tsono m'zaka zathu zino ophunzira a sukulu yomweyo adayambanso kufika ku Malaŵi, ndipo chimene iwo adadzafuna ndi madzi amene ali pansi pa mapazi athu.

Maboma a Scotland ndi Malaŵi adasainirana pangano la ubale mu 2005. M'zaka zotsatira, ndi chithandizo cha thumba la Climate Justice Fund, Pulofesa Robert Kalin wa ku Strathclyde adatsogolera ntchito imene idabweretsa ophunzira a ku Glasgow kuno kwathu, ndiponso idatengera Amalaŵi ogwira ntchito ku unduna wa za madzi ku Glasgow kukachita maphunziro apamwamba. Zipatso zake zilipo zooneka: kalembera wa malo otungapo madzi oposa 100,000 m'dziko lonse, kafukufuku wa mtsinje wa Bua amene Laura Kelly ndi anzake adasindikiza mu 2019, ndi buku lalikulu la mapu lotchedwa Hydrogeology and Groundwater Quality Atlas of Malawi, limene lidatuluka mu 2022.

M'ndemanga ino tifuna kuyesa ntchito imeneyi pa funso limodzi lokha. Kodi nzeru yotereyi ingathe kuuza munthu wa m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota kuchuluka kwa madzi amene angatunge pansi chaka ndi chaka, popanda kulanda madzi a zidzukulu zake? Yankho lathu ndi lakuti njira yapezeka, koma sitidafike. Ndipo chimene chatsala sichingachitidwe ndi mlendo.

I. Funso lakale

Funso la kumene akasupe amatenga madzi lidasautsa anthu anzeru kuyambira kalekale. Plato, m'buku lake la Phaedo, adafotokoza za chiphompho chachikulu cha m'kati mwa dziko m'mene mitsinje yonse imatulukamo ndi kubwereramo. Aristotle adaganiza kuti mvula payokha siingakwane kudyetsa mitsinje, ndipo adaphunzitsa kuti m'malo ozizira a pansi mpweya umasanduka madzi. Maganizo amenewa adakhala zaka pafupifupi 2,000, ndipo chimene chidawagwetsa ndi muyeso wamba. Mu 1674 Mfalansa wina, Pierre Perrault, adasindikiza zimene adapeza atayerekeza mvula yogwa kumtunda kwa mtsinje wa Seine ndi madzi oyenda mu mtsinjewo: mvula idali yochuluka kuposa madzi a mtsinje pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Chotero kasupe ndi mvula ya dzana imene idalowa pansi ndipo ili kutuluka lero.

Mu 1856 Henry Darcy, amene adakonza mipopi ya madzi ya mzinda wa Dijon, adathira madzi m'chipaipi chodzaza mchenga napeza lamulo losavuta: kuchuluka kwa madzi oyenda m'nthaka kumadalira zinthu ziwiri, kutsetsereka kwa madziwo ndi kumasuka kwa nthaka imene adutsamo. Mchenga umalola madzi kudutsa msanga, dongo limawakaniza. Pa lamulo limeneli m'pamene pamangidwa zifaniziro zonse za masamu zimene ophunzira athu amagwiritsa ntchito lero, monga MODFLOW, pulogalamu ya kompyuta imene bungwe la United States Geological Survey lidatulutsa mu 1984.

Takumbutsa mbiri imeneyi chifukwa ili ndi phunziro limene tidzabwererako. Aristotle sadalephere chifukwa cha kuchepa nzeru, pakuti maganizo ake adali ogwirizana bwino lomwe m'kati mwake. Adalephera chifukwa sadayeze mvula.

II. Chifaniziro ndi chilema chake

Owerenga amene sadaone chifaniziro chotere angachiganizire motere. Wophunzira amatenga mapu a dera, mwachitsanzo chigwa cha pakati pa mapiri a Ntchisi ndi nyanja, naligawa m'timabokosi tambirimbiri ngati mizere ya pa nsalu. Kabokosi kalikonse amakapatsa manambala: kuya kwa mchenga, kumasuka kwa nthaka, ndi madzi a mvula amene amalowa pansi pa chaka. Kompyuta tsono imawerengera, motsata lamulo la Darcy, m'mene madzi ayenera kuyendera kuchoka m'kabokosi kena kupita m'kanzake, ndipo potsiriza imanena kuti pa malo akutiakuti madzi ayenera kupezeka pa mamita akuti. Wophunzira amafananitsa yankho limeneli ndi kuya kwenikweni kwa madzi m'mijigo imene adayeza. Zikasiyana amasintha manambala mpaka zitagwirizana.

Apa m'pamene pali chilema chimene aphunzitsi oona mtima amauza ophunzira awo, koma chimene mapu okongola amabisa. Mukachulukitsa kawiri madzi olowa pansi, ndipo nthawi yomweyo mukachulukitsanso kawiri kumasuka kwa nthaka, chifaniziro chimapereka kuya kwa madzi komwe kuja, osasintha. Nkhokwe yolandira madzi ambiri ndi kutaya ambiri imaoneka chimodzimodzi ndi nkhokwe yolandira pang'ono ndi kutaya pang'ono. Motero ophunzira awiri angathe kumanga zifaniziro ziwiri, chilichonse chogwirizana bwino ndi mijigo yonse ya m'deralo, koma wina akunena kuti pansi pamalowa mamilimita 20 pa chaka, mnzake akunena 80. Onse awiri adzakhoza mayeso awo. Koma mlimi amene adzakhulupirira wolakwayo adzaona chitsime chake chitauma.

Kuya kwa madzi m'mijigo kokha sikungathetse mkangano umenewu. Pafunika mboni ina yosadalira chifaniziro, imene idzanena kuchuluka kwa madzi amene ali kutulukadi m'nkhokwe. Mboni imeneyo ndi mtsinje m'nyengo ya chilimwe.

III. Mboni ya mtsinje wa Bua

Nchifukwa chake tikuyamikira kwambiri kafukufuku wa Kelly ndi anzake, amene ena mwa iwo adali akatswiri a unduna wathu. Mtsinje wa Bua umayambira ku Mchinji, umadutsa m'zigwa ndi madambo a chigawo cha pakati, umatsika kudzera m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ndipo umathira m'nyanja kumpoto kwa boma. Mu Okutobala, patapita miyezi isanu mvula isadagwe, mtsinjewu umayendabe. Madzi amenewo ndi amene adalowa m'nthaka nthawi ya dzinja ndipo ali kutuluka pang'onopang'ono.

Vuto lidali lakuti zolembedwa za kuchuluka kwa madzi a m'mitsinje yathu ndi zong'ambikang'ambika: chaka china woyeza adalemba tsiku ndi tsiku, chaka china chikhomo choyezera chidakokoloka, ndipo miyezi idapita popanda cholembedwa. Ambiri adaziyesa zopanda ntchito. Kelly ndi anzake adaonetsa njira yosankhira zaka ndi nyengo zimene zidalembedwa mokwanira, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, napezamo yankho: m'nyengo ya chilimwe, magawo oposa 9 mwa magawo 10 a madzi a mu Bua amachokera m'nthaka.

Yankho limeneli lili ndi tanthauzo lalikulu. Malamulo athu ndi maganizo athu akhala akulekanitsa madzi a pamwamba ndi madzi a pansi, ngati kuti ndi chuma chiwiri. Kafukufukuyu akuti ndi thumba limodzi. Munthu amene akupopa madzi ochuluka pansi ku Kasungu akuchepetsa mtsinje wa mlimi wa mpunga ku Nkhotakota, ndiponso akukhudza nsomba ya mpasa imene imakwera Bua kukaikira mazira. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Tsopano tadziwa kuti khwawalo limayambira pansi pa nthaka.

Tiyamikirenso kuti ntchitoyi idalemekeza anthu osatchuka amene kwa zaka zambiri adapita ku mtsinje m'mawa uliwonse kukawerenga chikhomo ndi kulemba m'kabuku. Popanda iwo, kompyuta ya ku Glasgow ikadakhala chete.

IV. Zokayika zitatu

Ngakhale tayamikira chotere, tili ndi zokayika zitatu, ndipo tizinena mosabisa.

Choyamba ndi cha njira. Njira yogwiritsidwa ntchito pa Bua imasiyanitsa madzi poona maonekedwe a mzere wa kukwera ndi kutsika kwa mtsinje: madzi odza mofulumira imawayesa a chigumula, odza mochedwa imawayesa a pansi. Koma madzi odza mochedwa sachokera ku malo amodzi. Ena amachokeradi ku nkhokwe yakuya imene mijigo imafikako. Ena ndi amene adangodikha m'madambo, m'dothi la pamwamba, ndipo ali kutha pang'onopang'ono. Kwa mtsinje kusiyana kumeneku n'kochepa, koma kwa wokumba mjigo n'kwakukulu. Ntchito ya madambo athu pa kayendedwe ka madzi idayamba kufufuzidwa kalekale. Amanda Smith-Carington ndi John Chilton, amene adalemba za madzi a pansi a dziko lino mu 1983, adalimbana kale ndi dera lomweli la Bua. Wowerenga asaganize kuti nambala imodzi yatseka nkhaniyi.

Chachiwiri ndi cha malo. Boma lidagawa dziko m'zigawo za madzi 17. Bua ndi chigawo cha 5, pamene gombe la Nkhotakota ndi chigawo cha 15. Kugawa kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Kumtunda madzi amakhala m'miyala yakale yofumbutuka ndi m'ming'alu yake, ndipo mjigo umapereka pang'ono. Kunyanja amakhala mu mchenga ndi miyala ing'onoing'ono imene mitsinje idatsitsa kuchokera ku mapiri, yosakanikirana ndi mizere ya dongo, kotero kuti mijigo iwiri yoyandikana ingathe kusiyana kwambiri. Nkhokwe ya kunyanja imadzazidwa ndi mvula, imene ku Nkhotakota imagwa yambiri kuposa ku Lilongwe, komanso ndi mitsinje imene imataya madzi ake mu mchenga ikangotsika m'mapiri. Zimene zapezeka kumtunda sizinganyamulidwe ngati mtolo n'kukatulidwa kunyanja.

Ndiponso gombe lili ndi mnansi amene sakhazikika. Womanga chifaniziro amakonda kuika nyanja ngati malire osasuntha. Koma kuyambira 1915 mpaka 1935 nyanja idatsika kotero kuti mtsinje wa Shire udaleka kutulukamo. Mu 1980 idakwera koposa. Ndipo mu 2024 idakweranso mpaka kumiza nyumba ndi minda m'mphepete mwake, chaka chomwecho chimene chigumula cha mtsinje wa Dwangwa chidasamutsa anthu zikwizikwi. Nyanja ikakwera, madzi a pansi nawonso amakwera, nayandikira maenje a zimbudzi. Amene adaona mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo udavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, sadzayesa nkhaniyi masewera. Palinso akasupe otentha a Mawira, amene amatikumbutsa kuti pansi pa mchenga pali ming'alu yakuya ya chigwa chachikulu cha Afrika, yotulutsa madzi a mtundu wina. Madzi otere kawirikawiri amakhala ndi mchere wa fluoride wochuluka, umene umadetsa mano a ana. Chifaniziro chimene chiwerenga kuchuluka kokha, osafunsa ngati madziwo ndi omweka, chayankha theka la funso.

Chachitatu, chimene chili chachikulu koposa, ndi cha nthawi. Ku Makutapora, kumene mzinda wa Dodoma ku Tanzania umatunga madzi ake, kuya kwa madzi a pansi kwakhala kukulembedwa kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Pamene Richard Taylor ndi anzake adasanthula zolembedwazo mu 2013, adapeza kuti nkhokweyo sidzazidwa chaka ndi chaka: zaka zambiri imangotsika, kenaka pa chaka chimodzi cha mvula yamphamvu imadzaza kwambiri. Wophunzira amene akadayeza zaka zitatu zokha akadanena zabodza, ngakhale akadayeza mosamala chotani. Ku Nkhotakota mvula ndi yambiri kuposa ku Dodoma, ndipo kadzazidwe kake kangakhale kosiyana. Koma phunziro ndi lomwelo, kuti nkhokwe ya pansi imaulula khalidwe lake kwa munthu amene waiyang'ana zaka makumi. Dziko lathu lonse lili ndi zitsime zoyezera zochepa chabe. Buku la mapu la 2022, ngakhale ndi chuma chenicheni, lidadalira kwambiri zimene okumba mijigo adalemba tsiku lokumba, ndipo zimenezo zimatiuza za tsiku limodzi, pamene funso lathu ndi la zaka.

V. Mjigo ndi munda

Wina angafunse: nanga bwanji kuda nkhawa, popeza mijigo yathu yakhala ikupereka madzi zaka zonsezi? Tiyankhe ndi masamu osavuta.

Milimita imodzi ya madzi pa sikweya kilomita imodzi ndi malita 1,000,000. Mjigo wa pampu ya Afridev, pampu imene chiyambi chake chili konkuno ku Malaŵi m'zaka za m'ma 1980, udayesedwa kuti utumikire anthu 250. Aliyense akatunga ndowa ya malita 20 pa tsiku, mudzi wonsewo umatenga malita 1,825,000 pa chaka, ndiko kunena mamilimita osakwana 2 pa sikweya kilomita imodzi. Kaya pansi pamalowa mamilimita 20 kaya 80, mjigo wotere sungaumitse nkhokwe. Nchifukwa chake kusadziwa kwathu sikudatipweteke kwambiri mpaka lero; mijigo yambiri imene idaleka kugwira ntchito idafa ndi kukumba kolakwika kapena kusowa zipangizo.

Koma tiyerekeze hekitala imodzi ya mbewu yothirira imene ifuna mamilimita 1,000 pa chaka. Amenewo ndi malita 10,000,000, kuposa mijigo isanu pamodzi. Ngati pansi pamalowa mamilimita 80, hekitala imodziyo idzamwa madzi olowa pa mahekitala 12 ndi theka; ngati pamalowa 20, idzamwa a mahekitala 50. Tsono mapampu oyendera mphamvu ya dzuwa ali kufalikira, ndipo sapuma ngati dzanja la mayi. Ulimi wothirira ndi wofunika kwa anthu amene njala imawayendera kawirikawiri, ndipo sitikuutsutsa. Koma kusiyana kwa 20 ndi 80, kumene kudali kosafunika m'nthawi ya mjigo, tsopano n'kumene kudzagamula ngati chitsime chosaya cha mkazi wamasiye chidzakhale ndi madzi mu Novembala pamene mnansi wake wachuma wakumba chakuya. Lamulo la za madzi la 2013 lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority kuti lizipereka zilolezo zotungira madzi. Koma wopereka chilolezo sangagawe mwachilungamo chimene sadachiyeze.

VI. Mlendo ndi mwini mudzi

Makolo athu ali ndi miyambi iwiri ya mlendo, ndipo yonse ndi yoona. Wina umati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Winawo umati mlendo ndi mame. Ophunzira a kunja adadzadi ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndi munthu wosayamika yekha amene angakane. Koma maphunziro a digiri amatha, thumba la chithandizo limatsekedwa, ndipo wophunzira amapita kukafuna ntchito. Limeneli si tchimo la munthu aliyense. Ndi m'mene maphunziro otere adapangidwira. Chimene tikunena ndi chakuti kusinthana ophunzira kumapereka msanga luso lomanga chifaniziro, pamene chinthu chosowa kwambiri, ndicho muyeso wosadukiza wa zaka zambiri pa malo amodzi, sichikwera ndege.

Pali kusalingana kwinanso. Zolembedwa zonse tatchulazi zili m'Chingerezi cha akatswiri. Komiti ya mjigo, imene m'midzi yambiri imadalira amayi, siingaziwerenge. Komabe amayi omwewo amadziwa chitsime chimene chimayamba kuphwa, chaka chimene madzi adasintha kukoma, ndi dambo limene lidauma mitengo ya kumtunda itadulidwa. Nzeru imeneyi siikwanira payokha, pakuti chikumbukiro cha munthu chimasakaniza zaka. Koma ndi mboni imene chifaniziro chiyenera kuimva, ndipo mwini wake ayenera kuuzidwa m'chilankhulo chake chimene chapezeka pansi pa mudzi wake.

Chotero tikupempha zinthu zitatu kwa amene adzakonza kusinthana kwa mtsogolo. Wophunzira aliyense womanga chifaniziro cha dera la kunyanja anene poyera manambala ang'ono ndi aakulu amene chifaniziro chake chingalole, m'malo mopereka nambala imodzi yooneka ngati yotsimikizika. Zoyeza zonse zisiyidwe kuno, ku unduna ndi ku mayunivesite athu, m'njira yoti wophunzira wa chaka cha mawa ayambire pamene mnzake adalekera. Ndipo ntchito yoyeza ipatsidwe kwa amene sachoka. M'boma la Nkhotakota muli sukulu, mizikiti ndi maparishi amene akhala pa malo amodzi zaka zambirimbiri ndipo adzakhalapobe. Chingwe chokhala ndi zizindikiro, chitini choyezera mvula ndi kabuku sizifuna ndalama zambiri. Ana a sukulu ya sekondale, ngakhalenso ophunzira athu a m'seminale pa nthawi ya tchuthi, angathe kuyeza chitsime chosankhidwa m'mawa wa Loweruka lililonse anthu asadayambe kutunga, mphunzitsi wa sayansi nkumasunga kabukuko ndi kukapereka kwa womulowa m'malo.

Ntchito yotere ilibe ulemu wa msanga, ndipo woyiyamba mwina sadzaona phindu lake. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu amene adawerenga chikhomo cha pa Bua m'zaka za m'ma 1960 sadadziwe kuti wophunzira wa ku Glasgow adzatsegula timabuku tawo patapita zaka makumi asanu. Ngati sukulu khumi za pakati pa Chia ndi Dwangwa ziyamba kuyeza chaka chino, wophunzira wa ku Nkhotakota amene lero ali mu Sitandade 1 adzapeza, pofika ku yunivesite, zolembedwa za zaka khumi ndi ziwiri zoti ayesere chifaniziro chake, ndipo adzatha kuuza komiti ya mjigo wa kwawo ngati nambala yoona ili pafupi ndi 20 kapena ndi 80.